Mwini galu azilipa kuyambira pa kuluma koyamba

Pa milandu yonse imene anthu oyandikana nyumba amayambanirana, wa galu wolusa ndi umene umakonda kuthera m'malere. Mbuzi ikalowa m'munda n'kudya chimanga, nkhani yake sichedwa. Mwini munda amaigwira, amaimangirira pamtengo, amakanena kwa amfumu, ndipo mwini mbuzi amalipa. Palibe mfumu imene inafunsapo ngati mwini mbuziyo ankadziwa kuti chiweto chake chimakonda chimanga. Koma galu akang'amba mwendo wa mwana, mafunso amachuluka. Mwanayo amafunako chiyani kumeneko? Sanamugende? Kodi galuyo anayamba walumapo munthu? Mapeto ake makolo a mwana amapatsidwa ya minibasi yopitira kuchipatala pamodzi ndi mawu oti pepani, basi nkhani yatha, galu uja adakali pomwepo.

Maganizo anga ndi akuti amene wasankha kuweta galu wasankhanso kusenza zonse zimene galuyo angachite. Azilipa kuyambira pa kuluma koyamba, popanda wolumidwa kuvutika kufufuza mbiri ya galuyo. Lamulo lathu silinafike pamenepo, ndipo chifukwa chake chiyenera kudziwika.

Mbali yaikulu ya malamulo okhudza chipukuta misozi m'Malawi tinaitengera ku England, monga momwe inalili pa 11 Ogasiti 1902, nthawi imene dziko lino linali m'manja mwa atsamunda. M'malamulo amenewo nyama zinagawidwa pawiri. Pali zolusa mwachibadwa, monga mkango kapena kambuku. Woweta zimenezi akalakwitsa salankhula zambiri, amangolipa. Ndiye pali zoweta zapakhomo, ndipo galu anaikidwa m'gulu limeneli. Lamulo limamuona galu ngati nyama yofatsa mpaka ataonetsa khalidwe lina. Choncho wolumidwa amene akufuna chipukuta misozi kudzera m'njira imeneyi, imene maloya amaitchula kuti scienter, ayenera kutsimikizira khoti kuti mwini galu ankadziwa kale kuti galu wakeyo ndi woopsa kwa anthu. Akatsimikiza zimenezi, mwini galu alibe pothawira, ngakhale atanena kuti anayesetsa kumumanga. Akalephera, yatsala njira yachiwiri, yosonyeza kuti mwini galu anachita mosasamala, mwachitsanzo anasiya geti lotsegula masana kapena anaona mpanda utagumuka koma osaukonza.

A ku England omwewo anaona msanga kuti lamuloli likupweteka anthu ena. Mu 1865 anakhazikitsa lamulo loti galu akavulaza ng'ombe kapena nkhosa, mwini wake alipe popanda kufunsa ngati ankadziwa za khalidwe lake. Nkhosa ya mlimi inatetezedwa, mwana wa munthu ayi. Zimandiwawa kuti maganizo a nthawi imeneyo ndi amene akuyendetsabe nkhani ya mwana wolumidwa ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi lero.

Taonani mmene zimayendera pageti galu akaluma munthu. Mayi wogulitsa masamba wagogoda, mwana wapakhomo watsegula, galu watulukira pakati pa miyendo n'kugwira mayiyo pakatumba. Beseni lagwa, tomato wamwazika m'fumbi, chitenje chanyowa ndi magazi. Bambo apanyumba akutuluka, ndipo mawu awo oyamba si ofunsa za bala. Akuti, "Ameneyu saluma, sanayambe walumapo munthu." Anthu amene asonkhana akudziwa kuti si zoona. Mwezi wathawu galu yemweyo anathamangitsa ana ochokera kusukulu mpaka wina anagwera m'ngalande. Chaka chatha anang'amba buluku la mnyamata wa kabaza. Koma onse ali chete, chifukwa bambowo ndi eni poloti, kapena ndi akuluakulu a mpingo, kapena ndi amene amathandiza ndi galimoto pakagwa maliro. Mayi uja akufunsa ngati galuyo anabayidwa katemera, akuuzidwa kuti inde, koma khadi lake silikuoneka.

Mawu oti "sanayambe walumapo munthu" amalankhulidwa ndi anthu amene sanaphunzirepo zamalamulo, komabe akugwirizana ndendende ndi chimene khoti lidzafunse. Apa ndi pamene kukhala chete kwa anthu oyandikana kumasanduka chitetezo cha mwini galu. Aliyense amene anathamangitsidwa n'kungodandaulira mkazi wake kunyumba, aliyense amene analumidwa pang'ono n'kulandira sopo ndi pepani, wafufuta umboni umene wolumidwa wotsatira akanaugwiritsa ntchito. Timati tikusunga mtendere pamudzi, koma mtendere umenewo amaulipira ndi amene adzalumidwe mawa, ndipo nthawi zambiri amakhala mwana.

Pali zinthu zingapo m'lamulo lakaleli zimene zili kumbali ya wolumidwa, ndipo eni agalu ambiri sazidziwa. Sipafunika kuti galu akhale ataluma kale munthu mpaka kutuluka magazi. Ngati anayesapo kuluma, kulumphira anthu mwaukali, mwini wake n'kudziwa, zimenezo zimakwanira. Ngati dandaulo linaperekedwa kwa mayi apanyumba kapena kwa wantchito amene amasamalira galuyo, khoti likhoza kutenga kuti mwini wake anadziwa. Komanso lamulo limayang'ana amene akusunga galuyo, osati amene anamugula. Mawu oti "galuyu ndi wa mwana wanga amene ali ku Joni" kapena "anangobwera yekha, ife timangomupatsa mkute" sapulumutsa munthu amene galuyo amagona pakhonde pake. Ndiye pali chikwangwani chija cholembedwa pageti, chochenjeza kuti muno muli agalu olusa. Ambiri amachipachika poganiza kuti chikuwachotsera mlandu. Kunena zoona chikhoza kuwatembenukira, pakuti munthu amene walemba yekha kuti galu wake ndi wolusa angakane bwanji kuti sankadziwa? Kuonjezera apo mwana wa zaka zinayi satha kuwerenga, ndipo chikwangwani cha pageti sichiteteza munthu amene walumidwa ali pamsewu wa aliyense.

Nkhaniyi si ya chipukuta misozi chokha. Penal Code yathu, lamulo lalikulu la milandu ya upandu, ili ndi gawo lonena za kuchita zinthu mosasamala moika miyoyo ya anthu pachiswe, ndipo pa mndandanda wake pali kulephera kusamala nyama imene uli nayo pamene ikhoza kuvulaza anthu. Ndi mlandu wa kupolisi umenewo. Munthu akafa chifukwa cha kusasamala kwakukulu kwa mwini galu, nkhani ikhoza kufika pa mlandu wopha munthu. Choncho wapolisi amene angauze wodandaula kuti "izi n'zapachiweniweni, kakambiraneni kunyumba" asanalembe n'komwe m'buku, walakwira wodandaulayo. Kukambirana kulibe vuto, koma kubwere dandaulo litalembedwa, tsiku lake, dzina la mwini galu ndi malo. Pepala limenelo ndi limene lidzatseke pakamwa pa munthu wonena kuti sankadziwa.

Kwa ife kuno kuluma kwa galu kuli ndi kulemera kwina kumene a ku England sakukudziwanso, ndiko chiwewe. Bungwe la World Health Organization limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse amawatenga kwa agalu, ndipo mwa anthu 10 alionse amene amafa, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuopa madzi, kubwebweta, kutuluka dovu, palibenso mankhwala. Chimene chimapulumutsa ndi kutsuka bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kukalandira katemera mwamsanga, jakisoni kangapo pa masiku osiyanasiyana. Galu woluma amayenera kumangidwa ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, chifukwa akakhala kuti anali ndi chiwewe m'malovu pa tsiku loluma, amadwala kapena kufa m'masiku amenewo.

Tsono taganizani za ulendo wa mayi wa masamba uja. Wapita kuchipatala, amutsuka bala, amuuza kuti akatenge kalata kwa a zaziweto. Wapita kumeneko, akufuna kudziwa za galuyo ndi khadi lake la katemera. Wabwerera kwa mwini galu, geti ndi lotseka, wantchito akuti abwana achokapo. Wabwereranso kuchipatala, katemera watha, akayesere kwina kapena akagule ku chipatala cholipira, kumene mtengo wake ukuposa mpamba wonse wa bizinesi yake. Masiku onsewa sakugulitsa, ana akudya za ngongole, ndipo usiku sakugona poganiza za chiwewe. Mantha amenewa ndi mbali ya chivulazo, ngakhale saoneka pakhungu. Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda, ndipo pano chilonda chake ndi chachikulu kuposa pamene mano analowa.

Chokhumudwitsa n'chakuti katemera wa galu si wovuta kupeza monga wa munthu. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, kwaulere, ndipo ntchitoyi yakhala ikubwerezedwa chaka ndi chaka. Ku Lilongwe a LSPCA, bungwe losamalira nyama, amachitanso zofanana. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera, chiwewe chimasiya kufala. Munthu amene amva chimkuzamawu chikulengeza za katemera waulere pabwalo la sukulu, iye osapititsa galu wake, kenako galuyo n'kuluma mwana wa mnzake, sindikuona chifukwa chomumvera chisoni pa nkhani ya ndalama. Kusowa kwa khadi la katemera pakokha kuyenera kukhala umboni wa kusasamala.

Makhoti athu akapeza kuti mwini galu ndi wolakwa, amatha kulamula chipukuta misozi pa ululu umene munthu wamva, pa zinthu zimene sangathenso kuchita monga kale, ndi pa zipsera zimene zasintha maonekedwe ake. Ndalama zimene zinagwiritsidwa ntchito, za mankhwala, za mayendedwe, za masiku amene ntchito inaima, zimabwezedwa pokhapokha pali umboni, ndiye malisiti asatayidwe, buku lakuchipatala lisungidwe, bala lijambulidwe pafoni tsiku lomwelo lisanayambe kupola. Nthawi nayo ili ndi malire: pansi pa Limitation Act, mlandu wa kuvulala chifukwa cha kusasamala kwa wina umayenera kuyambika pasanathe zaka zitatu. Amene alibe ndalama ya loya akhoza kugogoda ku Legal Aid Bureau, ndipo milandu ing'onoing'ono imamveka kwa majisitireti popanda loya. Khoti lingathenso kupereka chiletso cholamula mwini galu kuti asamamasule nyamayo, ndipo izi zimatheka ngakhale wina asanavulale kwambiri. Njira zilipo ndithu, kungoti zonse zimafuna munthu wolimba mtima, wodziwa poyambira, wokhala ndi ya mayendedwe. Amene amalumidwa kwambiri, ana, ogulitsa malonda khomo ndi khomo, aganyu, owerenga mamita a madzi, alonda ndi atsikana antchito, ndi omwe zinthu zimenezi zimawasowa. Wa lendi amene mwana wake walumidwa ndi galu wa landilodi amayamba waganiza za komwe akagone akapatsidwa notisi.

N'chifukwa chake ndikuti katunduyu achoke pamutu pa wolumidwa. Sitikufunika kupita kutali kuti tione mmene zingakhalire. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito za m'magadeni ndi m'nyumba zokhala ndi agalu akuluakulu, lamulo lawo linachokera kwa Aroma ndipo limati chiweto chikavulaza munthu, mwini wake alipe ngakhale iyeyo sanalakwitse kalikonse. Mu 2020 khoti la apilo la dzikolo linagamula mlandu wa bambo wina wogwira maganyu amene anagwidwa ndi agalu atatu akuyenda pamsewu ku Port Elizabeth, mzinda umene tsopano ukutchedwa Gqeberha, mpaka mkono wake unadulidwa. Mwini agalu ananena kuti geti linali lokhoma, mwina munthu wina wosadziwika ndi amene analitsegula. Khoti linati zimenezo sizimuchotsera udindo. Agalu ndi ake, munthu wovulalayo sanawapute ndipo anali pamalo pamene ali ndi ufulu woyendapo, choncho alipe. Ngakhale ku England komwe kunachokera lamulo lathu, zinthu sizinaime pa 1902. Mu 1991 anakhazikitsa Dangerous Dogs Act, ndipo mu 2014 analikulitsa kuti ligwirenso ntchito galu akaluma munthu mkati mwa mpanda wa mwini wake, pofuna kuteteza anthu monga operekera makalata. Kumeneko galu wako akapha munthu ukhoza kukhala kundende mpaka zaka 14.

Ndikudziwa chimene eni agalu anganene, ndipo sindikuchipeputsa. Akuba alipo. Kwa banja limene silingakwanitse mlonda, waya wamagetsi kapena kampani ya chitetezo, galu ndiye tulo tawo. Ena anathyoleredwapo nyumba, ena anamenyedwapo ndi zikwanje, ndipo akamva za lamulo lolimba pa agalu amaona ngati tikuwamanga manja kuti mbava zisangalale. Koma lamulo limene ndikunenali silimateteza wakuba. Ngakhale ku South Africa, munthu amene walumpha mpanda usiku kapena amene waputa galu dala sapeza kanthu kukhoti. Funso langa ndi la munthu wosalakwa, amene akuyenda pamsewu kapena walowa pageti atauzidwa kuti alowe. Phindu la galu, tulo tabwino ndi katundu wotetezeka, limapita kwa mwini wake. Nanga n'chifukwa chiyani mtengo wa ngozi yake uzigwera wodutsa m'njira, amene sanafunsidwe n'komwe pamene galuyo ankagulidwa?

Tinenenso zoona, ukali wa agalu ambiri m'matauni mwathu ndi wochita kupangidwa. Galu amatsekeredwa m'kabokosi ka matabwa dzuwa lonse, osaona munthu, nthawi zina osamwa madzi, kuti akamasulidwa usiku akhale wolusa. Ena amachita kunyadira kuti wawo amamupatsa chamba kapena tsabola. Masiku ano pa Facebook pakugulitsidwa ana a Rottweiler, Boerboel ndi pit bull, ndipo otsatsa amalemba poyera kuti makolo ake ndi olusa kwambiri, chifukwa ukaliwo ndi umene ukugulitsa. Munthu amene walipira ndalama zambiri kuti apeze galu woopsa, n'kumulera mwanjira yoti akhale woopsa, sangaime pamaso pa majisitireti n'kunena kuti wadabwa.

Ena amati mwini galu akakhala wosauka, kulamula kuti alipe n'kungotaya nthawi. N'zoona kuti agogo a kumudzi okhala ndi kagalu kosakira mbewa sangapereke mamiliyoni. Koma khoti ndi bwalo la amfumu zimadziwa kale kuyeza zinthu zotere, ndipo kulipa pang'onopang'ono si chinthu chachilendo. Chachikulu n'chakuti zidziwike kuti ndani ali ndi udindo. Zikadziwika, ngakhale wosauka amayamba kumanga galu wake ana akamapita kusukulu, amapita naye ku katemera, ndipo galu amene waonetsa ukali samusunganso mwachisawawa.

Kusowa kwa njira yodalirika kukubala chinthu china choipa. Anthu akatopa ndi galu amene mwini wake samva, amaika tameki m'nyama n'kuponya kuseri kwa mpanda. Ndikumvetsa mkwiyo wake, koma sindingavomereze. Kupha chiweto cha mwini mwadala ndi mlandu pa Penal Code, ndipo Protection of Animals Act imaletsa nkhanza kwa nyama. Wodandaula amasanduka woimbidwa mlandu. Poizoniyo sasankha, amapha amphaka, nkhuku, agalu osalakwa, ndipo kamwana kokwawa kakhoza kutola nyamayo. Ngati galuyo anali atangoluma munthu, kumupha kumachotsanso mwayi womuyang'anira masiku 10 aja, ndipo wolumidwa amatsala osadziwa chimene chili m'thupi mwake. Koposa zonse, galu ndiye amafa, pomwe wolakwa weniweni mawa lake akagula wina.

Amfumu ndi mabuloko lida ali ndi gawo lalikulu pano, ndipo sakufunika kudikira Nyumba ya Malamulo. Kabuku kamodzi kolembamo madandaulo a agalu, tsiku, nyumba ndi chimene chachitika, kangasinthe zambiri pamudzi. Dandaulo likafika, mwini galu aitanidwe pamaso pa mboni ndipo auzidwe. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale pansi pa lamulo lakale lomweli, sanganenenso kuti sankadziwa. Makhonsolo nawo ali ndi mphamvu pansi pa Local Government Act ya 1998 yopanga malamulo a m'madera awo, ndipo a zaziweto ali ndi Control and Diseases of Animals Act imene imawalola kulamula kuti agalu amangidwe pakabuka chiwewe. Mphamvu zimenezi zisamangokumbukiridwa pa 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse, kapena mwana akafa.

Kwa aphungu athu ndi a Law Commission, pempho langa si lalitali. Tikufuna lamulo lonena momveka kuti wosunga galu ali ndi udindo pa chivulazo chilichonse chimene galuyo wachita kwa munthu amene anali pamalo movomerezeka ndipo sanamupute, kaya galuyo anali ndi mbiri yoluma kapena ayi. Lamulolo linene kuti khadi la katemera lizionetsedwa kwa wolumidwa tsiku lomwelo, ndipo ngati palibe, mtengo wonse wa katemera wa munthuyo ugwere mwini galu nthawi yomweyo, osadikira chigamulo chimene chingatenge miyezi pamene chiwewe sichidikira. Lipatsenso majisitireti mphamvu yolanda galu amene waluma kachiwiri, ndi kuletsa mwini wake kuwetanso wina kwa nthawi yoikika. Malawi anavomereza pamodzi ndi maiko ena cholinga choti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa agalu, ndipo katemera yekha sangatifikitse kumeneko ngati mwini galu akudziwa kuti akhoza kutseka geti n'kuuza wantchito kuti anene kuti abwana achokapo.